Akufuna kundikweza kukhala kaputeni, koma ndagwira njakata

Mayi Mlangizi,

Ndikudziwa kuti ambiri amakulemberani za mabanja ndi zibwenzi. Nkhani yanga ndi ya kuntchito, koma yalowa kale m'nyumba, n'chifukwa chake ndati ndikupezeni.

Ndine bambo wa zaka 34, ndili pabanja ndipo tili ndi ana awiri. Ndimayendetsa ndege zahayala, tindege ta jeti tija timabwerekedwa ndi anthu achuma, mabwana a makampani, nthawi zinanso odwala ofunika kuthamangira nawo kuchipatala chakutali. Yomwe ndimayendetsa ndi Cessna Citation, ndipo ndimakhala mpando wakumanja, wachiwiri kwa kaputeni. Pakampaniyi ndathapo zaka 4. Abale akaona yunifolomu amati ndinalemera kalekale, osadziwa kuti ngongole ya sukulu yoyendetsa ndege ndikubwezabe mpaka lero.

Ndifotokoze kaye momwe ntchitoyi imakhalira, poti ambiri amaiona pazithunzi pokha. Mnzanga wa kukampani yaikulu akafika pabwalo amapeza zonse zakonzedwa, iye n'kungolowa m'ndege. Kwathu zonse n'zathu. Ndimafika kutatsala maola awiri, kuona za nyengo, kulemba ndondomeko ya ulendo, kuitanitsa mafuta, kulongedza masutukesi, kuika madzi oundana ndi zakumwa. Alendo akatsika ndimatenga chopopera fumbi. Tsiku lina ndinadzipeza nditagwada pakapeti, mizere itatu ili paphewa, ndikupukuta masanzi a mwana wa kasitomala, bambo ake ataima pakhomo akufunsa ngati tichedwe. Zimenezi sindidandaula nazo kwenikweni. Ntchito ndi ntchito.

Chimene chimandidya ndi kudikira. Kasitomala amati tinyamuka 2 koloko masana, n'kudzafika 7 koloko usiku, osapepesa n'komwe, chifukwa chimene walipira ndicho chimenecho: ndege yodikira iye. Maola onsewo salowa m'buku langa la maulendo, muja mumalembedwa nthawi ya ulendo yokha. Pachaka ndimauluka maola pafupifupi 350, pomwe anzanga amene ndinaphunzira nawo, omwe ali kumakampani akuluakulu, amayandikira malire a maola 900 omwe malamulo a ku Ulaya amalola pachaka. Laisensi yaikulu ya ATPL imafuna maola 1,500, ndipo ine ndinachita kukwawa kuti ndikafikepo. Panopa ndili ndi maola 2,100.

Kenako pali foni. Masiku amene ndili pa standby, kudikira kuitanidwa, ndimayenera kufika pabwalo pasanathe ola limodzi ndi theka chiimbireni. Ndimalowa nayo kubafa, ndimagona nayo pamtsamiro. Mwana wathu wamng'ono, wa zaka 3, akamva foni ya wina aliyense ikulira amathamangira kukanditengera nsapato, n'kumati, "Adadi, abwana akuitana." Poyamba tinkaseka. Tsiku la kubadwa kwa mkulu wake foni inalira tikuyatsa makandulo, ndipo akazi anga sanayankhule kanthu, anangonditsegulira chitseko. Kungokhala chete kumeneko kunandipweteka kuposa akanandikalipira.

Malamulo a kupuma alipo, si kuti palibe. Mwachitsanzo ku America, malamulo a ndege zahayala otchedwa Part 135 amafuna kuti munthu apume maola 10 otsatizana, ndipo bungwe la FAA, loyang'anira za ndege kumeneko, linanena kuti kukhala ukudikira foni si kupuma. Koma pakampani yaing'ono ngati yathu, ya ndege zitatu ndi oyendetsa owerengeka, tsiku limene wakhala panyumba osaitanidwa amalilemba kuti unapuma, ngakhale unali m'maso kuyambira m'bandakucha. Bungwe la ogwira ntchito tilibe. Amene ungamudandaulire ndi yemweyo amasaina malipiro ako.

Tsopano ndifike pa zimene zandilembetsa kalatayi. Chaka chatha ndinauluka ndi kaputeni wina wachikulire, munthu amene anandiphunzitsa zambiri. Kasitomala anachedwa maola anayi, ndipo pofika iye kumene tinkapitako kunali kutagwa chifunga, ifenso nthawi yathu yogwira ntchito inali itatsala pang'ono kutha. Kaputeni anamuuza mwaulemu kuti tinyamuka m'mawa. Bwanayo analusa, anaimbira mwini kampani, mwini kampani n'kuimbira kaputeni. Ndinali pambali pawo, ndinawamva akuyankha mofatsa kuti, "Ndege iyi sinyamuka usiku uno, bwana. Mukafuna pezani wina." Sanawachotse ntchito ayi. Anangoyamba kuwapatsa maulendo oipa okhaokha, maphunziro a ndege yatsopano amene anawalonjeza anapatsidwa kwa wina, ndipo patatha miyezi 5 anatula pansi okha.

Patapita nthawi zofananazo zinachitikanso, koma ulendo uno ndinali ndi kaputeni wachinyamata, amene nayenso anaona zimene zinawachitikira achikulire aja. Iye anavomera. Ine ndinali ndi mpata wonena kuti ndatopa, koma ndinakhala duu. Tikutsika usikuwo, titakhala m'maso kwa maola oposa 17, woyang'anira pansanja anatipatsa mulingo wa kutalika woti titsikire, ine n'kubwereza bwinobwino pawailesi koma n'kutchera nambala ina pamakina. Kaputeni ndiye anaona, patatha masekondi angapo. Tinatera bwino, alendo anatsika akuseka, wina mpaka anandigwira chanza. Nditatsala ndekha ndinakanika kutseka zipi ya chikwama changa chifukwa manja ankanjenjemera.

Chomvetsa manyazi n'chakuti nkhani zoterezi timaziphunzira. Pamaphunziro amatikumbutsa za ngozi ya ku Aspen, ku America, pa 29 Malichi 2001, pomwe ndege yahayala ya Gulfstream III yochokera ku Los Angeles inagwa ikuyesa kutera, n'kupha anthu onse 18. Alendo anachedwa kunyamuka, bwalolo linali ndi nthawi yoletsa kutera usiku, wobwereka ndegeyo sanafune kumva zopatukira kubwalo lina, ndipo mmodzi wa okwerawo anakhala m'chipinda cha oyendetsa. Tikamaimva m'kalasi tonse timapukusa mitu, aliyense n'kumati ine sindingalole. Ine ndinalola, ndipo palibe amene anandiopseza ngakhale ndi mawu amodzi.

Mwezi uno mwini kampani wandiitana n'kundiuza kuti akufuna ndikhale kaputeni. Malipiro akwera kwambiri, moti ngongole ya sukulu ija ndingathe kuimaliza m'zaka ziwiri. Koma ndiyenera kusaina kuti ndikhala nawo zaka zina 3, ndipo ndikachoka nthawiyo isanakwane ndidzabweza ndalama zonse za maphunziro a mu simulator, makina oyeserera kuyendetsa ndege. Sabata yomweyo kampani ina yaikulu, ya maulendo a tsiku ndi tsiku, yandiyankha kuti ndapambana mayeso awo. Akufuna ndikayambe ngati wachiwiri pa Boeing 737.

Kumeneko zonse zimayendera tsiku limene unalembedwa ntchito: kusankha masiku opuma, tchuthi, kukwezedwa. Maola anga 2,100 sandidumphitsa munthu ngakhale mmodzi, ndikakhala kumchira kwenikweni, ndipo ukaputeni ndingaudikire zaka zambiri. Malipiro oyamba ndi otsika poyerekeza ndi amene andilonjeza kuno. Ndikukumbukiranso 2020, nthawi ya Covid, pomwe makampani akuluakulu anaimika ndege n'kuyamba kuchotsa olowa kumene, ife azahayala ntchito n'kutichulukira chaka chotsatira. Komabe kumeneko ndandanda ya ntchito imatuluka mwezi usanayambe, penshoni ilipo, ndipo ukanena kuti watopa pali njira yolembedwa yoti utsate, osati kuyang'anizana maso ndi mwini ndege. Malamulo a bungwe la ICAO, loona za ndege padziko lonse, salola munthu kuyendetsa ndege zonyamula anthu pakati pa mayiko akakwanitsa zaka 65, ndiye kuti ndatsala ndi zaka 31, zikandiyendera bwino kwa dokotala yemwe amatiyeza chaka chilichonse. Chaka chilichonse chimene ndichedwe kulowa pamzere uja ndi anthu ena ambiri odzakhala patsogolo panga mpaka kupuma ntchito.

Ndisakunamizeni, zahayalazi ndimazikonda. Lero utera pabwalo lalikulu, mawa pa kamsewu kafupi pakati pa mapiri komwe ndege zazikulu sizifika. Tsiku limene tinanyamula khanda lili m'chibokosi chotenthetsera, namwino atagwira kachubu ulendo wonse, n'kulifikitsa lamoyo, ndinadziwa chifukwa chimene ndinalowera ntchitoyi. Ndikuopa kuti kwinako ndikatopa ndi kubwereza njira imodzimodzi. Akazi anga akuti kutopa koteroko ndiye akukufuna. Anena mosapsatira kuti ndalama yocheperayo tidzaizolowera, koma ana sangazolowere bambo wongodutsa. Mchimwene wanga akuti ndi misala kukana mpando wakumanzere, wa kaputeni, uli m'manja n'kukayambiranso pansi. Ine ndangoti kakasi, ndipo ndikudziwa kuti mapanga awiri avumbwitsa.

Mayi, ndithandizeni maganizo. Kodi n'zotheka kupita kwa abwanawa ndisanasaine n'kupempha kuti alembe papepala masiku anga opuma, komanso kuti kaputeni akakana ulendo chifukwa cha nyengo kapena kutopa asalangidwe mwanjira ina iliyonse? Kapena kungotsegula pakamwa pamenepo ndiye kuti ndadzilembetsa m'gulu la ovuta, ngati achikulire aja? Nanga ndikasankha kuchoka, ndidziwa bwanji kuti ndikuchokera banja langa, osati kuthawa chifukwa ndadziona kuti ndilibe mtima wonena kuti ayi? Paja ndikavomera ukaputeniwu, foni ya mwini kampani usiku wachifunga idzakhala ikulira m'thumba mwanga.

Pali chinanso. Za usiku uja ndinatchera nambala yolakwika, akazi anga sindinawauze. Ndikawauza, ndikudziwa kuti nkhani yathera pomwepo, sadzalolanso kumva za hayala, ndipo tulo sadzalipeza ndikakhala paulendo. Ndikapanda kuwauza, ndiye kuti tikukambirana tsogolo lathu iwo akudziwa theka lokha. Mapepala onse awiri ali m'chikwama changa chapaulendo, osasainidwa, ndipo mbali zonse zikufuna yankho mwezi uno usanathe. Ndiwauze?

Ine Wothedwa Nzeru