Kalata kwa mnzanga wa ku Johannesburg: za buku lako lija

Wokondedwa mnzanga,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko ku Joni. Kuno tonse tilipo, mayi akupereka moni.

Nkhani yako ndaiwerenga mpaka kumapeto. Wafunsa ngati uipereke ku kampani yosindikiza mabuku kapena usindikize wekha. Ine ndikuti sindikiza wekha, koma usapupulume.

Makampani athu monga Dzuka ndi CLAIM amadalira kwambiri mabuku a kusukulu ndi a mpingo, pakuti ndi amene amayenda malonda. Nkhani yopeka ya m'Chichewa imene ilibe chiyembekezo cholowa pa silabasi ya MSCE imavutika kupeza malo. Akailandira, phindu lilipo ndithu: kukonza, chikuto, kusindikiza ndi kugulitsa, zonse ndi ndalama zawo, ngakhale wolemba kawirikawiri amangolandira pafupifupi 10 peresenti ya mtengo wa buku.

Zija unanena zogulitsa bukuli pa Amazon, kampani yogulitsa zinthu pa intaneti, ndamva. N'zoona kuti amapereka mpaka 70 peresenti pa buku lowerengera pafoni la mtengo wa pakati pa $2.99 ndi $9.99. Koma taganiza, okawerenga buku lakoli ndani? Ndi mphunzitsi wa ku Mchinji, mayi wa geni ku Ndirande, anyamata a ku Dedza. Ambiri mwa amenewa alibe khadi la kubanki logulira zinthu pa intaneti. Ali ndi Airtel Money ndi Mpamba, ndipo amafuna buku loligwira m'manja, lobwerekana ndi anzawo.

Chimene ndikukupempha kwambiri ndi ichi: usaumire ndalama ya mkonzi. Zimandipweteka mtima kuona mabuku a nkhani zokoma atadzaza ndi zolakwika, mawu omwewo kulembedwa mosiyana patsamba limodzi, kenako anthu n'kumati Chichewa sichilembeka. Peza munthu wodziwa bwino malamulo a kalembedwe, ngakhale kukafunsa ku Centre for Language Studies ku Zomba, ndipo umulole adule pamene pakufunika kudula. Mutu wachitatu uja watalika, ndakuuziratu.

Nambala yozindikiritsa buku, yotchedwa ISBN, amapereka ku National Archives, ku Zomba komweko, ndipo lamulo limafuna kuti ukasiyeko kope bukulo likatuluka. Za umwini wa ntchito yako ukaonane ndi a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso. Poyamba usindikize makope ochepa, akatha uwonjezere.

Sabata yamawa ndidzadutsa ku Balaka, ndikafunsa mitengo ya kusindikiza ku Montfort Media. Undiuze pa WhatsApp masamba ake ndi angati komanso kukula kwa pepala limene ukufuna.

Ndine mnzako wa kumudzi.