Kwa mwana wanga, za amayi ako aakulu

Mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti iwe, apongozi anga ndi adzukulu muli bwino. Kuno tadzuka, bondo lokha ndi lomwe likundivutabe.

Zomwe unandiuza pa foni zija zandisowetsa tulo. Ukuti amayi ako aakulu chibwerereni kwanu ku Lilongwe akungobindikira m'chipinda, mankhwala a shuga ndi a BP akumwa mwa apo ndi apo, ndipo ukawakumbutsa akuti "ndisiye, ndikhalirenji ine." Iwe ukuti ndi makani a ukalamba. Ayi. Akulu angawo ndimawadziwa, ankalawira kudimba tambala asanalire kachiwiri. Chimwalirireni amuna awo sanabwererenso mwakale. Munthu akamasowa tulo, osafuna kudya, kumangoganiza, osakondwa ndi chilichonse kwa masabata ambiri, amenewo ndi matenda, ndipo amachizika. Anthu akamva za matenda a maganizo amathamangira kuganiza za misala ndi chipatala cha ku Zomba, pomwe ambiri amathandizidwa akugona kunyumba kwawo.

Tsiku la kiliniki likakwana, musakangoyezetsa magazi n'kubwerako. Uwauze adokotala zonsezi, ndipo amayiwo alankhule okha, iwe uzingowonjezera zimene aiwala. Akawapatsa mankhwala monga fluoxetine kapena amitriptyline, dziwa kuti amatenga masabata angapo asanayambe kumveka m'thupi, choncho asawasiye msanga. Amitriptyline amagonetsa, amaumitsa kukamwa, ndipo munthu wachikulire akadzuka mofulumira amachita chizungulire. Azikhala kaye pansi pang'ono asanaimirire. Mawu akuti "ndikhalirenji" aja usawanyozere. Uwafunse mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha. Akavomera, uchotse mankhwala a makoswe ndi a m'munda, mapilisi ambiriwo usunge wekha, ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo. Ku Lilongwe komweko kulinso a St John of God omwe ntchito yawo ndi imeneyi.

Tsopano chimene ndalembera kalatayi. Ndikudziwa mtima wako, ufuna uziwachitira zonse: kuwamwetsa, kuwasankhira chakudya, kuwayankhira. Iwe umapita kuntchito, ndipo matenda a shuga ndi BP ndi amgonagona, akhala nawo moyo wawo wonse. Ukawalanda udindo wosamala thupi lawo, adzaona kuti zoonadi alibenso ntchito pa dziko. Uwaphunzitse chinthu chimodzi pa nthawi, chifukwa mutu wodzadza nkhawa susunga zambiri. Poti kuwerenga kumawavuta, ujambule dzuwa pa thumba la mankhwala a m'mawa, mwezi pa la usiku. Mapilisi a tsiku limenelo uwaike m'manja mwawo, amwe okha nthawi ya phala. Ukawafotokozera kanthu, uwapemphe akufotokozerenso m'mawu awo. Buku lawo la kuchipatala azisunga okha. Akaiwala usawakalipire ngati mwana, ndipo usawadzudzule adzukulu akumva.

Uyang'ane dzina la mankhwala awo a shuga. Ngati ndi glibenclamide, pamenepo pali ngozi, chifukwa munthu akamwa koma osadya, shuga amatsika kwambiri. Amanjenjemera, amatuluka thukuta, amalankhula zosokonekera, ndipo anthu osadziwa amayamba kunong'ona za ufiti. Iwo eni azidziwa zizindikirozi, ndipo ana a m'nyumbamo azidziwanso. Zikatero, ngati akutha kumeza, apatseni madzi osungunulira shuga kenako chakudya, ndipo achipatala akamve kuti sakudya bwino.

Pa zakudya sindichulutsa. Nsima ya mgaiwa, yochepa, masamba ambiri ndi nyemba. Mchere wa tsiku lonse usapitirire magalamu 5, kasupuni kamodzi ka tiyi, ndipo soda wa m'therere ndi mnzake wa mchere. Sobo ndi Fanta zikhale za alendo. Asamayende opanda nsapato, ndipo madzulo aziyang'ana kumapazi, poti shuga amachititsa dzanzi, munthu amabayidwa osamva.

China, apeze anzawo. Ku Zimbabwe dokotala wina, Dixon Chibanda, anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa kiliniki n'kumamvetsera mavuto a anthu, ndipo ambiri anapeza bwino ndi kucheza komweko. Ntchitoyo amaitcha Friendship Bench. Amayi ako aakuluwa anali a Mvano achangu. Ukaonane ndi amayi a mpingo wa kwanuko aziwatenga Lachinayi, ayende wapansi ngati si patali. Uwapatsenso kachigawo kuseri kwa nyumba adzale mpiru ndi bonongwe. Poyamba akana, usatope.

Ndikatha kukolola ndibwera ndidzakhale nawo masiku angapo. Lamlungu madzulo uwapatse foni ndilankhule nawo ndekha, iwe utuluke. Undiuzenso tsiku lawo lotsatira la kiliniki.

Ndine,
Mayi ako