Malume akaone mazikowo

Okondedwa amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana onse. Ine ndili bwino, kuzizira kokhaku. Talandira Lachisanu ndipo ndatumiza kale, koma ulendo uno akatape ndi achemwali, osati mng'ono wangayo. Pamenepa mumvetse bwino.

Iye akundilembera kuti simenti anagula, njerwa anaotcha, maziko atha. Chithunzi chomwe alamu anditumizira chikuonetsa udzu ndi mbuzi pamalopo. Nanga simentiyo ili kuti? Ndamvanso kuti masiku ano akuyendera njinga yamoto. Ya ndani?

Ndalamayi ndimaipeza nditagwada m'matope, amayi. Kuno ku Colchester, ku England, asanamange pakati pa tauni amayamba akumba akatswiri a zakale, ife n'kumakankha wilibala. Ukatsika pansi umapeza mzere wa dothi lofiira, lopsereratu. Ndi moto womwe ma Celt, eni dziko lino kalelo, anatentha nawo mzindawu m'chaka cha 60 kapena 61 Yesu atabadwa, atawatsogolera mfumukazi Boudica wa mtundu wa Iceni. Eni akewo sanalembe kanthu za nkhondoyi. Analemba ndi Aroma, adani awo, ndipo nawonso sagwirizana. Tacitus akuti m'mizinda yomwe inatenthedwa anafa anthu 70,000, Cassius Dio akuti 80,000. Tacitus akuti mwamuna wa Boudica, Prasutagus, atamwalira Aroma analanda chuma chamasiye, kumukwapula mayiyo ndi kuwachita chipongwe ana ake aakazi. Dio akuti chinautsa mkwiyo ndi ngongole zomwe Aroma anayamba kulonjerera mwankhanza. Dothi likuvomera za moto, ku London ndi ku St Albans nakonso mzerewo ulipo, koma mafupa ochuluka choncho sanapezeke, ndipo pomwe panachitikira nkhondo yomaliza akukanganabe mpaka lero. Komanso dothi limaulula zomwe buku silinanene: mu 2014 anafukula zibangili zagolide, ndolo ndi ndalama, zokwiriridwa pansi pa nyumba yopsa, mwini wake osabwereranso. Anzathu ophunzirawa buku salitaya ayi, koma salikhulupirira mpaka fosholo ivomere.

Inenso nditero ndi uthenga wa mng'ono wangayo. Malume apite okha pamalopo, aime pamwamba pa mazikowo, achemwali awajambule. Ngati simenti inalowa pansi, matumba ake opanda kanthu alipo, awawerenge. Musamukalipire kaye, ndilankhula naye ndekha Lamulungu. Koma musamuikire kumbuyo monga mumachitira muja.

Pa yomwe ndatumizayi muyambe fetereza, mvula isanagwe mitengo n'kukwera. Kenako fizi ya mtsikanayo, risiti aisunge. Yotsalayo ndi ya mankhwala anu a BP, musabwereketse munthu, ngakhale wa kumpingo.

Ufa kuno ulipo m'sitolo za anthu a ku Africa, koma mtengo wake mungalire, ndipo nsima yake sikoma ngati ya mgaiwa wa kwathu. Nkhwani wotendera ndimachita kulota. Mango aja kuseri kwa khola abereka chaka chino? Ana asathyole aawisi.

Malata asagule mpaka nditaona chithunzicho. Ndipo mundifunsire za njingayo kwa alamu, mwakachetechete.

Moni kwa agogo ndi onse.

Ndine mwana wanu woyamba.