Kwa Nduna ya Zaumoyo: mayi akapeza chotupa m'bere alowere kuti?

Olemekezeka a Nduna,

Chaka chatha tinaika m'manda azakhali anga, omwe anamwalira ndi khansa ya m'bere. Kachotupa kolimba m'bere lakumanzere anakapeza okha posamba. Sikankapweteka, ndiye anangokhala. Atapita kuchipatala chaching'ono cha kwathu, namwino anawapatsa mankhwala a chithupsa n'kuwabweza. Pomwe ankafika kuchipatala chachikulu panali patadutsa miyezi 9, bere litaphulika bala, ndipo adokotala anangoti mwachedwa.

Namwino uja sindimuimba mlandu. Anachita zomwe ankadziwa.

Okutobala akafika timavala zapinki, timaguba ku Lilongwe ndi ku Blantyre, pawailesi n'kumalengeza kuti amayi akayezetse msanga. Nanga mayi wa ku Nthalire kapena ku Makanjira akayezetsa kuti? Makina ojambula mabere ali m'tauni, kutali ndi mudzi wake.

Pempho langa ndi ili. Zipatala zathu zambiri zili kale ndi chipinda choyezera khansa ya khomo la chiberekero pogwiritsa ntchito viniga. Mayi wolowa mmenemo wayenda kale mtunda, wathana kale ndi manyazi. Namwino yemweyo aphunzitsidwe kupapasa mabere ndi m'khwapa, ndipo aziyeza mayi aliyense asanatsike pabedipo. Sizifuna magetsi kapena makina, ndi manja odziwa basi. Alangizi a zaumoyo nawonso azinena kusikelo kuti chotupa chosapweteka, nsonga ya bere yolowa mkati kapena yotulutsa magazi si ufiti, komanso kuti abambo nawo amadwala khansa ya m'bere.

Komatu kupeza chotupa osachitapo kanthu n'kumuzunza mayiyo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linaika muyezo wakuti pasadutse masiku 60 kuchokera pomwe mayi wafika kuchipatala mpaka atauzidwa chomwe chikumuvuta. Kwathu kuno amagulitsa mbuzi kuti apeze thiransipoti ya ku Kamuzu Central, Queens, Zomba kapena Mzuzu. Akamuchotsa kamnofu kokayeza, amabwerera kumudzi kukadikira, ndipo ya ulendo wachiwiri imasowa. Bwanji kamnofuko kasamatengedwere pachipatala cha paboma, kaziyenda kokha kupita kulabotale, zotsatira n'kumupeza mayiyo pafoni?

Mukadzaima m'Nyumba ya Malamulo pokambirana bajeti, mudzatiuze kuti mayi wa boma lililonse akudikira masiku angati. Kwathu tikufuna kumva nambala imeneyo, chifukwa azakhali anasiya ana aakazi atatu, ndipo wamkuluyo amandifunsa kuti iye akayezetse kuti.

Ine wanu,
Mwana wa mlongo wawo wa malemu