Chikwama chimenecho ndi cha ana, si cha anzako

Mwana wanga,

Ndasankha kulemba chifukwa pa foni sundimvera. Ndikangoyamba kulankhula umangoti "eya amayi, ndamva amayi," kwinaku ndikumva mapoto akugundana. Iyi uiwerenge utakhala pansi, ana atagona.

Mng'ono wako wandiuza za kaphukusi kamene mnzako uja wa ku Ndirande wakusiyira kuti ukapatse mchimwene wake ku Joni. Usam'kalipire mwanayo, ndinachita kum'panikiza ndine. Akuti kamatidwa ndi selotepu mbali zonse, ndipo poti sutikesi yadzaza, wati ukaika m'chikwama cha m'manja, pamodzi ndi matewera a mwana. Ine tulo sindinatione. Kaphukusi kameneko kabwerere kumene kachokera Lachisanu lisanafike. Ngati ukuchita manyazi, umuuze kuti amayi akana. Andide ine, ndinazolowera.

Ukudziwa kuti mtsikana ameneyo sindinam'khulupirirepo kuyambira muli ku sekondale. Sindikuti muli choipa m'menemo, mwina ndi usipa basi monga wakuuzira. Koma usipa amaumata chotero kuti munthu asaone? Pa Chileka amatha kukufunsa ngati walongedza wekha, ndiponso ngati pali wina wakupatsa kanthu koti um'nyamulire. Ukangoti "ndalongedza ndekha," chilichonse chopezeka m'chikwamamo ndi chako. Ku OR Tambo, bwalo la ndege la ku Joni, kuli agalu onunkhiza katundu, ndipo galu samva zoti "ndangotumidwa." Womangidwa ndi amene wanyamula. Nanga apolisi akamakulowetsa m'kachipinda, ana awiriwa atsala ndi yani? Amuna ako adzakhala ali panja akuyang'ana pakhomo, osadziwa kanthu. Komanso ngakhale chitakhala chakudya chenicheni, ku South Africa zinthu monga nyama ndi mbewu sizilowa popanda chilolezo. Ngati mchimwene wakeyo wasowadi usipa, mabasi a ku Joni alipo, anthu amatumiza katundu tsiku ndi tsiku. Akalipire kumeneko.

Chifundo chidapha nkhwali. Iwe vuto lako ndi limeneli kuyambira kale. Uli sitandade 2 unkagawa mbatata yonse imene ndakumangira, n'kubwera kunyumba ukulira njala. Malemu bambo ako ankaseka, amvekere mwanayu adzakhala sisitere. Ine sindinkaseka.

Tsono tikambe za chikwamacho. Chija cha mapewa amodzi chimene unagula ku Limbe uchisiye, n'chokongola koma si cha ulendo. Utenge chobereka kumsana, khandalo ulimange kutsogolo, dzanja limodzi ligwire wamkuluyo, linalo likhale lopanda kanthu. Pa Chileka mumayenda wapansi kuchokera m'nyumba kukafika pa ndege, n'kukwera masitepe. Kukafika ukoko mtunda wake ndi wautali, kuchokera pa ndege mpaka kwa oona mapasipoti, ndipo wamkuluyo ndimam'dziwa, akangoona masitepe oyenda okha athamanga. Makampani ambiri amalola makilogalamu 7 okha a katundu wa m'manja, uone pa tikiti yako. Makilogalamu 7 si ambiri pa ana awiri. Ndiye malo a katundu wa anthu achokera kuti?

Mapepala asalowe m'chikwama chachikulucho. Akhale m'kachikwama kakang'ono kokoleka m'khosi, pathupi pako: mapasipoti onse atatu, matikiti, zikalata za kubadwa za ana za ku NRB, kalata ya amuna ako yovomereza kuti ukuyenda ndi anawo, ndi mabuku awo a kusikelo. Ndikudziwa uti lamulo linasintha. Inde, South Africa inakhwimitsa za mapepala a ana mu 2015 n'kudzafewetsa mu 2019, koma pepala sililemera, ndipo iwe ukuyenda wekha popanda bambo awo. Uwajambulenso onse pa foni. Adiresi ya kumene mukukakhala ndi nambala ya amuna ako uzilembe papepala ndi cholembera, chifukwa foni imatha moto pa nthawi imene ukuifuna. Tindalama ta Rand pang'ono tikhalenso momwemo. Pasipoti usam'patse wamkuluyo kuti aigwire ngakhale alire bwanji.

Matewera usawerengere maola awiri ndi pang'ono amene mukhale m'mwamba. Werengera kuyambira pamene utseke chitseko kuno mpaka pamene ulowe m'nyumba ya amuna ako, kenaka uwonjezere usiku umodzi. Ndege zimachedwa, ndipo sutikesi imatha kutsalira n'kudzabwera mawa lake. Chimene mwana sangagone popanda icho chikhale ndi iwe. Timapepala tonyowa topukutira, majumbo atatu kapena anayi oikamo zoipitsidwa, zovala zosinthira ziwiri za khanda, chimodzi cha wamkulu. Ndi bulauzi yako ina, usaiwale imeneyo. Amayi ambiri amakumbukira ana n'kudziiwala okha. Ukukumbuka ulendo wa ku Mulanje uja, tikupita ku ukwati wa azakhali ako? Sungakumbuke, unali ndi zaka zitatu. Unandisanzira pachifuwa basi isanafike ndi pa Bvumbwe pomwe, diresi yosoketsa kumene. Ukwati wonse ndinakhala nditafunda chitenje. Azakhali akowo mpaka lero amaikamba.

Zitenje utenge ziwiri. China n'choyala posintha mwana, poti zimbudzi za mu ndege n'zopanikiza ndipo sudziwa amene wayalapo mwana wake iwe usanalowe. China n'chofunditsa. Mu ndege mumazizira, ndipo mwezi uno wa June ku Johannesburg kumazizira kuposa chiperoni chathu chino, m'mawa mpaka madzi kuuma pa udzu. Majuzi, zipewa ndi masokosi a ana zikhale pamwamba penipeni, osati pansi pa sutikesi. Iwe ndi mafashoni ako, ndikuona kale ukutsika ndi ana ovala timalaya ta manja aafupi kuti ajambulidwe bwino.

Za madzimadzi uchenjere nazo pa makina ounikira katundu. Botolo lililonse lisapitirire mamililita 100. Chibotolo chako cha mafuta odzola chija chipite mu sutikesi, apo ayi akuchotsera, ulire. Mkaka ndi chakudya cha khanda amalola kupitirira pamenepo, bola uzitulutse uwaonetse wekha asanakufunse. Sizasi, lezala ndi kampeni kosendera zipatso, mu sutikesi. Koma pawabanki ndiye ayi, imeneyo salola kuti ipite pansi ndi masutikesi, ikhale m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi chaja.

Ndipo poti ndatchula makinawo: chilichonse chimene chili m'chikwamamo amachiona pa kompyuta. Kaphukusi komatidwa ndi kamene amayamba kufunsa. Adzati "mayi, umu muli chiyani?" Iwe udzayankha kuti chiyani? Kuti sukudziwa?

Makutu a ana amawawa ndege ikamakwera, makamaka ikamatsika, chifukwa mpweya umasintha mphamvu ndipo timitsempha ta m'makutu mwawo n'tating'ono. Mankhwala ake ndi kumeza. Khandalo usalikhutitse muli pa bwalo, ulisunge ndi kanjala pang'ono kuti ndege ikamanyamuka liyamwe, ndipo akalengeza kuti mwayamba kutsika uliyamwitsenso. Usachite manyazi ndi azibambo a masuti amene wakhala nawo pafupi, nawonso anayamwa. Wamkuluyo umupatse madzi azimwa pang'onopang'ono, kapena switi ya kamtengo. Chakudya cha mu ndege usachidalire, chimabwera nthawi yawo, ndipo mdzukulu wangayo akakana chinthu wakana. Umuikire mabisiketi, nthochi ziwiri ndi buledi wopaka kale, koma zipatso zithere mu ndege momwemo, usatsike nazo. Chokoleti ndi zakumwa zotsekemera kwambiri usam'patse, adzakwera mipando. Kagalimoto kake kaja ndi kabuku kojambulamo n'zokwanira. Mpira usiye.

Ndamvanso kuti mnzako yemweyo wakulangiza kuti uwamwetse ana Piriton kuti agone ulendo wonse. Waona munthu wake? Mankhwala amenewo si ogonetsera ana, khanda sayenera kulipatsa n'komwe, ndipo ana ena m'malo mogona amachita kubalalika. Ndinalera ana asanu, palibe amene ndinam'mwetsa mankhwala kuti ndipume. Mwana akalira, alire. Anthu a mu ndegemo sudzawaonanso. Chimene utenge ndi Panado wa madzi ndi kasupuni kake koyezera, ndi mapaketi awiri a Thanzi ORS kuchitira kuti wina watsegula m'mimba. Ngati chimfine cha khandalo sichinathe pofika Lachitatu, upite nalo kuchipatala akaone makutu musananyamuke.

Sindikukalipa chifukwa choti ukupita, ayi. Banja ndi kukhala pamodzi, ndipo amuna ako ayesetsa, agula matikiti atatu m'malo mokukwezani basi yodzera ku Mwanza, Tete ndi Beitbridge ndi ana aang'ono chonchi. Agogo ako aamuna ankapita ku Joni komweko pa Wenela, kukakumba migodi, n'kutha zaka osaona ana awo. Iwe ufika tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Ndikuthokoza Mulungu. Kungoti nyumba ino izizira. Wamkuluyo akapita, ndani azindibera shuga m'kabati?

Pa bwalo la ndege pomwepo usamale. Pamakhala anthu aulemu kwambiri, ovala bwino, oti "mayi, mukupita ku Joni? Tangonditengerani kaenvelopu aka, mwana wanga akakuchingamirani." Ukane. Ngakhale akhale gogo wa msinkhu wanga, ngakhale atchule dzina la mpingo wathu, ukane. Wina akati um'dikirire chikwama apite kuchimbudzi, umulozere kwa ogwira ntchito. Nawenso chako usasiyire munthu, ukamapita kuchimbudzi upite nacho, pamodzi ndi ana onse awiri. Ukafuna thandizo upemphe ogwira ntchito mu ndege, ndi ntchito yawo, angakugwirire khanda pamene ukumanga lamba wamkuluyo. Mwana wosakwana zaka 2 amakhala pamiyendo pako ulendo wonse, ndiye chikwamacho uchiike pansi pa mpando wa kutsogolo kwako, osati m'kabati ya pamwamba, kuti uzitha kupisamo dzanja osaimirira.

Ndibwera Lachinayi masana. Tidzakhuthulira zonse pabedi, tilongedze limodzi, ndione ndi maso anga chilichonse cholowa m'menemo, mu sutikesi momwe. Usati ndikukuyesa mwana. Ndiwe mayi wa ana awiri, koma kukana sunaphunzire, ndiye ndidzakukanira ndine. Kaphukusiko ndikakapeza, ndidzakwera nako minibasi ndekha mpaka ku Ndirande.

Achimwene ako avomera kutiperekeza pa galimoto Lachisanu. Ndawauza kuti tinyamuke msanga chifukwa pa Kameza pamatha kudzaza, ndipo uyenera kufika pa bwalo kutatsala maola atatu. Zitenje ziwirizo usagule, ndibweretsa zanga zochapa kale, zatsopano zimakanda mwana. Uwapatse moni amuna ako ukamalankhula nawo, uwauze abwere ndi bulangete pokuchingamirani.

Ndine,
Mayi ako