Zikomo potibwezera mawu a bambo athu

Kwa Bwana Woyang'anira ndi onse ogwira ntchito pa situdiyo yanu,

Ndine mayi uja ndinabwera mwezi watha ndi matepi a vidiyo asanu ndi awiri a VHS m'jumbo kuti muwasandutse mafayilo apakompyuta, n'kumafunsa mobwerezabwereza ngati sasochera. Pepani, ndinakutopetsani. Lero ndalemba kuti ndithokoze.

Matepiwa anakhala zaka zoposa 20 m'sutikesi pansi pa bedi la amayi ku Zomba. Deki yathu inafa kalekale, ndipo amisiri onse amene ndinawapitira ankangopukusa mutu. Mnyamata wanu wapakauntala ndiye anandiuza kuti Funai ya ku Japan, kampani yomaliza kupanga madeki otere, inasiya mu 2016, n'chifukwa chake anuwo mumawasamala ngati dzira. Ine ndinkayesa ndi ntchito ya mphindi zochepa, ngati kuika nyimbo pa fulashi. Sindinkadziwa kuti tepi ya E-180 iyenera kuzungulira maola atatu athunthu kompyuta ikujambula, ndiponso kuti magetsi akathima pakati, ntchito imabwerera m'mbuyo. Nditamva zimenezo ndinasiya kudandaula za milungu iwiri imene ntchitoyi inatenga.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi chilungamo chanu. Matepi awiri anali atachita chuku, mbee m'kati monse, chifukwa cha chinyontho cha ku Zomba. Simunangowaponya m'makina. Munayamba mwawapukuta, kenaka munandiimbira foni kundiuza kuti imodzi yapulumuka koma inayo yamatana moti palibe chotulukamo. Yowonongekayo simunandilipiritse, ndipo munandibwezera m'manja. Ena akanangolandira ndalama n'kundipatsa fayilo ya mizeremizere.

Tepi ija anatumiza amalume kuchokera ku America sitinaionerepo bwino chiyambire. Tinkati inabwera yakufa kale. Inu ndi amene mwatiuza kuti kumeneko ankajambula vidiyo m'njira yotchedwa NTSC pamene makina athu kuno anali a njira ina yotchedwa PAL. Zaka zonsezi tinkawanamizira amalume kuti anatigulira zotchipa!

Koma nkhani yeniyeni ndi tepi ya ukwati wa makolo anga, wa mu 1993. Bambo anatisiya ana anga asanabadwe, ndipo ankawadziwira pa chithunzi chimodzi chapakhoma. Loweruka lapitali tinasonkhana pabalaza, ndinalumikiza fulashi ija ku TV. Zithunzi zake n'zotuwa, m'munsi muli kamzere kogwedera, monga munandichenjezera kuti tepi yakale siingasanduke yatsopano. Palibe amene anasamala zimenezo. Tinaona azakhali akuvina perekaniperekani, ndalama za nkhope ya Kamuzu zikugwera m'lichero, ankhoswe atavala jekete lowakulira. Kenaka bambo anatenga maikolofoni kuti athokoze anthu, ndipo asanayankhule anayamba aseka.

Amayi anaimirira. Anangoti, "Ndi iwowo, tamvani kasekedweko." Anatiuza tibweze, tinabweza kanayi. Ine ndemwe ndinali nditaiwala kuti mawu awo anali otsika chonchi. Mwana wanga wamng'ono anafunsa chifukwa chimene agogo akuyankhulira ngati amalume ake a ku Johannesburg, ndipo tonse tinaseka misozi ili m'masaya, poti n'zoonadi.

Malangizo anu ndawatsatira. Mafayilo a MP4 aja ndawasunga pa fulashi, pa kompyuta ndi pa intaneti, ndipo matepiwo sindinataye, ali m'kabati pouma. Kachidutswa ka kuseka kuja ndinatumiza pa WhatsApp kwa achibale, moti foni sinagone usiku umenewo.

Mundithokozereko mnyamata uja anandifotokozera zonse modekha, komanso mayi amene analemba dzina ndi chaka pa fayilo iliyonse. Azakhali nawo akumbukira kuti ali ndi timatepi ta kamera ta Hi8 ta chinkhoswe cha mwana wawo. Ndibwera nato mwezi ukatha, mukationere ngati tili ndi moyo.

Ine wanu woyamikira,
Kasitomala wa matepi a m'jumbo