Womasulira si kalaliki wokopera mawu a eni

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhe mnzathu amene analemba patsamba lino kuti womasulira mabuku ndi kalaliki chabe, wongokopera zimene ena anaganiza kale. Ndikuwapempha amve za Valeri Petrov wa ku Bulgaria.

Bamboyu anabadwira ku Sofia mu 1920, ndipo anamwalira mu 2014 ali ndi zaka 94. Anaphunzira udokotala n'kumaliza mu 1944, koma mtima wake unali pa ndakatulo. Anagwirako ntchito ku ofesi ya kazembe wa dziko lake ku Rome, analemba nthano za ana ndi mafilimu, komanso anali mmodzi mwa oyambitsa nyuzipepala ya nthabwala yotchedwa Starshel. Munthu wotere sangakhale wosowa mawu akeake.

Mu 1970, Aleksandr Solzhenitsyn, mlembi wa ku Russia amene ankadzudzula boma la chikomyunizimu, atapatsidwa mphoto ya Nobel ya zolembalemba, alembi a ku Bulgaria anauzidwa kuti amudzudzule. Petrov anakana. Chipani cholamula cha chikomyunizimu chinamuchotsa m'chipanimo, ndipo njira yosindikizira zolemba zake inayamba kumera minga. Iye sanakhale manja lende. Anakakamira ntchito yomasulira masewero a Shakespeare mpaka anawamaliza onse, ndipo mabuku ake anatuluka pakati pa 1970 ndi 1981. Onse, akonzi, munthu mmodzi! Komanso anawamasulira mwandakatulo, kuti wosewera pabwalo la zisudzo awalankhule mosapunthwa lilime. Amene anayesapo kumasulira ngakhale vesi imodzi ya nyimbo kuti iyimbike bwino m'Chichewa akudziwa thukuta lake. Tanthauzo ukaligwira, kayimbidwe kamathawa. Ukagwira kayimbidwe, nthabwala ija yafa. Kalaliki angathe zimenezi?

Chimene chimandiwawa ndi ichi. Ndaphunzitsa Shakespeare kusekondale zaka zambiri, ndipo ndaona ana anzeru akuloweza mizere pamtima osamva chimene Macbeth akulira. Ndikawafotokozera m'Chichewa maso awo amawala, koma mawa lake tabwerera kuloweza. Ena amati chilankhulo chathu n'chochepa, sichinganyamule katundu wotere. Anthu a ku Bulgaria alipo pafupifupi 6.5 miliyoni basi, ochepa kuposa olankhula Chichewa, koma mwana wa kumeneko amamva Hamlet m'chilankhulo chimene amayi ake amamukalipira nacho.

Pempho langa kwa inu ndi laling'ono. Mukamalemba za buku lomasuliridwa, tchulani dzina la womasulira pamodzi ndi la mlembi. Mwezi watha munasiya.

Mphunzitsi wopuma pantchito,
Dedza